Njiwa za Pazenera la a Mawotchi

Pamsewu wonse uja panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lobadwa nalo. Ana asukulu, amayi ogulitsa zipatso pakona, ngakhale wobweretsa makalata amene ankaliwerenga dzinalo pa envulopu mwezi ndi mwezi, onse ankangoti a Mawotchi. Iwonso anazolowera. Munthu wakhala pampando umodzi zaka makumi anayi ndi mphambu, kagalasi kokulitsira tinthu kali padiso, msana mpaka kupindika ngati chogwirira ambulera, angalikanenso bwanji dzina lotero?

Kashopu kawo kanali kopapatiza, kopanikizika pakati pa shopu yometera ndi nyumba ina yomwe inatsekedwa kalekale. Kutsogolo kunali tebulo la ntchito ndi mawotchi apakhoma khumi ndi anayi, ena a eniake amene sanabwerenso kudzatenga. Kuseri kwa katani kunali chipinda chogona: bedi, kabati, kambaula ka magetsi, ndi chitseko chotulukira kubwalo. Pachitsekopo panali msomali, ndipo pamsomalipo panapachikidwa chikhothi cha mvula chobiriwira cha malemu akazi awo. Chinakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi osachikhudza munthu. Pambali pa tebulo la ntchito panali zenera loyang'ana kubwalo komweko, la khonde lotakata bwino, ndipo chapatali pang'ono panadutsa waya wa magetsi pafupi ndi mtengo wina wa masamba ambiri. Pazenera limeneli ndi pomwe pankatera njiwa.

Tsono nkhani ndi iyi: a Mawotchi maso anali akutha. Anayamba kutha mwakachetechete, poti chakudza sichiimba ng'oma. Poyamba ankadzudzula kagalasi kuti kakuda, n'kumakapukuta ndi malaya tsiku lonse. Kenako anadzudzula babu. Pomwe chaka chinkatha, dziko lonse linali litasanduka ngati madzi a m'tambula amene wina wadonthezeramo mkaka. Zinthu zinalipo ndithu, koma zinalibenso malire. Munthu akalowa pakhomo ankaoneka ngati utsi wovala malaya.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, mphunzitsi, wokhala kutsidya lina la tauni m'nyumba zosanjikizana, chipinda chachinayi kuchokera pansi. Iyeyu ndi amene anawakokera kwa dokotala wa maso chaka chathacho, iwo atagwa pamasitepe a shopu. Dokotalayo anaunika, anaunika, kenako n'kunena kuti si ng'ala yoti angachotse, ndi matenda oyenda pang'onopang'ono, mwina zaka zisanu, mwina chaka chimodzi. Pobwerera, m'basi, mwana uja anangoti, "Bambo, mukubwera kwathu. Chipinda chilipo."

"Ukandiike m'mwambamo ngati katundu wa pa kabati? Iyayi mwanawe."

"Nanga mudzayatse nyumba ndi mbaula ija?"

Anakangana mpaka kutsika basi, mpaka kulowa m'shopu. Ndipo poti pazenera panali njiwa nthawi imeneyo, a Mawotchi anailoza ndi chala, mtima uli m'mwamba, n'kulumbira lumbiro lomwe anadzalinong'onezera bondo pambuyo pake.

"Tsiku lomwe ndidzalephere kukuuza kuti njiwa yatera apa ndi iti, udzanditenge tsiku lomwelo. Sindidzatsutsa. Koma ndisanalephere, usandiuzenso za chipinda chako."

Mwanayo anavomera. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankabwera m'mawa, atanyamula buledi ndi sopo, n'kukhala pa kampando ka makasitomala. Njiwa ikatera ankafunsa mofatsa ngati akufunsa ana a m'kalasi mwake, "Iyi ndi iti, bambo?"

Inu mukuti funso lapafupi? Ha! Kwa munthu wongodutsa, njiwa ndi njiwa basi. Pabwalo lija pankabwera mitundu itatu, yonse yotuwa, yonse yokhala ndi kamkanda kakuda kumbuyo kwa khosi, ngati ana a mayi mmodzi ovala yunifomu ya sukulu imodzi. Kuti uzisiyanitse unkayenera kuyang'ana diso. Yaikulu pang'ono, yoderapo, ya pachipumi poyererapo, diso lake linali lofiira ngati la munthu wolira maliro. Ina, yotuwa mowala ngati phulusa, ya nsonga zoyera kumchira, diso lake linali lakuda bii, lopanda chokongoletsa chilichonse. Yachitatu inali ndi diso lachikasu lozunguliridwa ndi kakhungu kofiira, diso la munthu wodabwa nthawi zonse. A Mawotchi, masiku amene maso awo ankatha kuona fumbi pa dzino la kagudumu ka wotchi, ankanyadira zimenezi kwabasi. Mwana wawoyo ali wamng'ono ankamukweza patebulo n'kumuuza kuti, "Usathamangire mkanda, mkanda umanamiza. Dikira itembenuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Akazi awo ankawaseka akamatero. Iwo sankadzuka n'komwe pomwe ankachapira. "Inu ndi kagalasi kanuko," ankatero, "mbalame ikudzitchula yokha dzina, inu muli kalikiliki kuiyang'ana m'maso ngati mukufuna kuifunsira." Ndipo anali iwowo amene anazipatsa maina. Ya diso lofiira ankati imalira kasanu ndi kamodzi ngati mlendo waulemu, o-di, o-di ku-no, choncho inakhala Odi. Ya diso lakuda inkalira katatu mobwerezabwereza osatopa, bwe-rrre-ra, bwe-rrre-ra, n'kukhala Bwerera. Ya diso lachikasu inkangokhuluza pakhosi ngati munthu akutsukuluza m'kamwa ndi madzi amchere, ndipo anaitcha Chimfine. A Mawotchi nthawi imeneyo ankati zimenezo n'zachibwana, umboni weniweni ndi diso.

Taonani tsopano. Maso atathawa, chomwe chinatsala ndi chibwana chomwecho cha akazi awo.

Chinyengo chawo anachikonza mosamala ngati mkati mwa wotchi. Ankadziwa kuti njiwa yanjala imayamba yakhala pa waya n'kulira, ndipo njiwa yomwe ili pa chakudya ilibe nthawi yoimba. Choncho masiku ena onse ankamwaza mpunga pazenera m'mamawa, koma Loweruka ayi. Loweruka ankasesa pazenera kuti mbee, n'kudikira mwana wawo afike. Njiwa zinkasonkhana pa waya zikudandaula, iliyonse m'chilankhulo chake, ndipo iwo ankatchera khutu: Odi ali kumanzere pafupi ndi mtengo, Bwerera ali pakati, Chimfine sanabwere lero. Akatero ankatsegula zenera, kumwaza mpunga pang'ono, n'kumvetsera mapiko akuchokera mbali iti. Mwana akafunsa, ankaika kagalasi padiso, kuweramira kutsogolo ngati akuonadi, n'kunena monyada, "Diso lofiira. Kodi iwe sukuona?" Zikawasokoneza ankakhosomola, kupempha madzi, kupukuta kagalasi, mpaka mbalameyo itulutse mawu. Miyezi isanu ndi iwiri inatha chonchi, osaphonya ngakhale kamodzi.

Ntchito nayo inkayenda ndi zala ndi makutu. Wotchi akaitsegula, zala zinkadziwa pomwe pali kasikuluwu kalikonse. Akaiika pakhutu ankadziwa ngati ikutsimphina kapena ikuthamanga. Chokhacho chomwe chinkawavuta chinali kutchera mivi, poti nambala zinali zitasungunuka zonse. Ankangomvera wailesi ya a Wometa, eni shopu yometera ija, kuseri kwa khoma ikanena nthawi, n'kupapasa mivi ndi nsonga ya chala. Mawotchi apakhoma aja ankalirabe limodzi ora likakwana, ndipo iwo ankati mumtima, ndikadali ine.

Koma musaganize kuti ankakakamira kashopu kaja chifukwa cha mawotchi okha. Panali china chomwe sanauzepo munthu.

Masana dzuwa likapendeka, kuwala kunkalowa pazenera la kuchipinda n'kugwera pachitseko chija. Maso akadali bwino, chikhothi chinali chikhothi basi, chakale, chong'ambika pathumba. Koma m'nkhungu yatsopanoyi chinayamba kuima ngati munthu. Mapewa ankatsika pang'ono mbali imodzi, ndendende mmene akazi awo ankaimira akabwera kuchokera kumsika atatopa. Kamphepo kakalowa pansi pa chitseko, munthuyo ankasuntha ngati akufuna kuvula nsapato. A Mawotchi ankatsegula katani, kutembenuza mpando, n'kukhala duu. Mawotchi khumi ndi anayi ankayenda kumbuyo kwawo ngati mvula yowaza padenga, Bwerera ankaitana pa waya kutali, ndipo chipinda chonse chinkayandama pang'onopang'ono, kabati n'kukhala phiri, bedi n'kukhala mtambo. Sankagona, komanso sankakhala maso kwenikweni.

"Mwabwera?" ankatero chapansipansi.

Munthu wa pachitseko sankayankha, koma sankachokanso. Iwo ankamufotokozera zonse: kuti bondo likuwawa, kuti mwana wawo wayamba imvi pafupi ndi khutu, kuti Chimfine wapeza mkazi. Tsiku lina anafika pomupepesa. "Munkanena zoona inu. Mbalame imadzitchula yokha." Ndipo anamva ngati kuseka kwawo kuja, kotulukira m'mphuno, kwadutsa m'chipindamo. Ankawasowa akazi awo, abale, ankawasowa koopsa, ndipo matenda omwe anawalanda dziko lonse anali atawabwezera munthu mmodzi ameneyu. Tsono kumwamba kwa mwana wawo kuja, ku makoma oyera opanda kanthu, akanakamupeza kuti?

Amene ankadziwa kuti masowo afika pamenepa, m'maganizo mwawo, anali a Wometa okha, mnansi wawo wa zaka makumi awiri, munthu wamtima wabwino koma wapakamwa ngati wailesi yake yomwe. Anazindikira tsiku lomwe a Mawotchi anapereka moni waulemu kwa tsache loyedzamira khoma.

"Achimwene," anatero a Wometa tsiku limenelo, misozi ya kuseka ili mbwee, "tsachelo lati lili bwino, kaya inu."

"Mukauza mwana wanga, ndidzakutchererani wotchi yanu kuti muzitsegula shopu anthu atameta kale kwina."

"Ine pakamwa panga ndi pa loko. Komanso ndikhoza kukuthandizani. Loweruka ndiziima pabwalo, njiwa ikatera ndizikuwa kuti ili ndi mkanda wakuda."

"Zonse zili ndi mkanda wakuda, bambo inu!"

"Ndiye mukuvutikiranji? Njiwa ndi njiwa."

A Mawotchi anangopukusa mutu. Za mpunga wa Loweruka sanawauze, poti ankati kuuza a Wometa chinsinsi chachiwiri n'kuthira madzi m'dengu. Apa ndi pomwe analakwitsa.

Loweruka lomwe tikunenali kunacha kuli nkhungu yeniyeni, yakunja, yomwe inakumana ndi nkhungu ya m'maso mwawo n'kukhala chinthu chimodzi. Anadzuka mochedwa, bondo litauma gwa. Ali pabedi anamva Odi akulira kamodzi chapatali, kenako zii. Anamwa tiyi, anavala malaya oyera aja amene mwana wawo amawakonda, anakhala patebulo n'kutchera khutu ku waya. Kunalibe mawu. Anadikira. Mawotchi analira kasanu ndi kanayi, onse pamodzi. Ku waya kunali chete ngati kumanda.

Kenako anamva kaphokoso kena pafupi, pazenera penipeni: tho, tho-tho, tho. Milomo ikugogoda pa simenti.

Khoma linagogodedwa, ndipo mawu a a Wometa anabwera mokondwa. "Achimwene! Ndaona kuti mwachedwa kudzuka, ndiye ana anuwo ndawapatsa kale. Kapu yonse yathunthu! Musadandaule, lero akhuta mpaka madzulo."

Kapu yathunthu! A Mawotchi anafuna kutukwana, anafuna kutsegula zenera n'kukankhira mpunga wonsewo pansi, koma dzanja lisanafike pa chotsegulira, belu la pachitseko linalira, ndipo fungo la buledi linalowa.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mwanawe. Wafulumira lero."

"Basi inalibe anthu." Anamumva akuika thumba pansi, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma monga ankachitira nthawi zonse, kuima apa, kuima apo, kenako kampando ka makasitomala n'kulira kwii. "Eee, lero alendo anu afika kale. Koma zauluka nditalowa. Yatsala imodzi."

A Mawotchi anayang'ana pazenera. Panali kanthu kotuwa pa chinthu chotuwa, kakusuntha. Basi.

"Iyi ndi iti, bambo?"

Anatenga kagalasi, anakapukuta ndi malaya, anakapukutanso. Anakhosomola. Anapempha madzi, ndipo mwanayo anapita kuchipinda n'kubwera nawo, iwo n'kumwa pang'onopang'ono ngati mankhwala owawa. Njiwa ija inali pa ntchito yake, tho, tho-tho, tho, yopanda nkhawa ndi munthu. Lira, iwe, anaipempha mumtima. Kamodzi kokha. Ndakudyetsa zaka zingati, mbalame yopanda chisoni iwe?

"Yatembenukira uko," anatero. "Dikira itembenuke. Kuona maso a nkhono..."

"Yatembenuka, bambo. Ikukuyang'anani."

Anamvetsera kugogoda kwa mlomo. Kunkamveka kolemera, kapena mwina inali simenti yonyowa ndi nkhungu. Odi ndi amene analira m'mawa. Odi ndi wamkulu, sathawa msanga munthu akalowa. Anatembenuza mutu pang'ono kuyang'ana kuchipinda, poti mwanayo anasiya katani yotsegula, koma dzuwa linali lisanafike pachitseko, ndipo panalibe aliyense woti awanong'oneze. Anaika kagalasi padiso, anaweramira kutsogolo, n'kulankhula ndi mawu a munthu wodziwa.

"Diso lofiira. Ndi Odi ameneyu. Taona chipumi chakecho."

Mawotchi anapitiriza kuyenda. Kuseri kwa khoma makina a a Wometa anayamba kulira pamutu pa munthu. A Mawotchi anamva mwana wawo akukoka mpweya, ngati akufuna kunena kanthu, n'kuubwezanso. Kenako anati, motsitsa kwambiri, "Eya, bambo. Ndi..."

Sanamalize. Njiwa ija, itakhuta bwinobwino, inasiya kudya, inayenda masitepe awiri pazenera, inafufuma pakhosi, n'kulankhula yokha, momveka ngati belu la sukulu.

Bwe-rrre-ra. Bwe-rrre-ra. Bwe-rrre-ra.

Ndipo siinaleke msanga, mbalame yamwano. Inabwereza kasanu ndi kawiri, kuti aliyense amve.

A Mawotchi anachotsa kagalasi padiso n'kukaika patebulo mosamala, pamalo pake. Manyazi anawagwira, manyazi a mwana wogwidwa dzanja lili m'shuga. Koma chodabwitsa n'chakuti pansi pa manyaziwo panali kupepukidwa, ngati munthu watula mtolo womwe anaiwala kuti wausenza.

"Unafuna kundinamiza," anatero.

"Ndinafuna."

"Mphunzitsi wathunthu, kuvomereza yankho lolakwa."

"Inunso mwandinamiza miyezi ingati?" anatero mwanayo. "Diso lakuda, bambo. Nsonga zoyera kumchira. Munandiphunzitsa ndinu, nditakhala patebulo lomweli."

"Sindikuiona, mwanawe." Mawuwo anatuluka mosavuta kuposa mmene ankaopera. "Njiwayo sindikuiona, zenera sindikuliona. Iwenso nkhope yako ndinaiona komaliza mvula ya chaka chatha isanayambe. Za imvi zako ndinamva kwa a Wometa."

Mwanayo anaseka ndi kulira nthawi imodzi, n'kukokera kampando pafupi. Anagwira dzanja lawo, lija la zala zosalala ndi mafuta a mawotchi.

"Ndinkadziwa."

"Unkadziwa chiyani iwe? Sindinaphonyepo."

"Njiwa simunaphonye. Koma Loweruka lina, miyezi inayi yapitayo, ndinapeza mawotchi apakhomawa aliyense akunena zake. Iyi ili patsogolo ndi mphindi khumi, iyo yatsalira ndi ora lathunthu. Inu amene munkadzuka pa chakudya chifukwa wotchi imodzi yachedwa ndi theka la mphindi! Ndiye ndikamalowa ndimayamba ndazungulira khoma. Mumaganiza kuti ndimaona chiyani, zithunzi?"

A Mawotchi anakumbukira mapazi ake aja m'mbali mwa khoma. Kuima apa, kuima apo. Miyezi inayi yonse mawotchi awo ankalira limodzi, iwo n'kumadziguguda pachifuwa, pomwe mivi ankatchera ndi mwana amene ali wamng'ono ankamuletsa kukhudza ngakhale kasikuluwu.

"Nanga osanena bwanji?"

"Munati njiwa ndi imene idzanene. Ndinkadikira njiwa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma tulo sindigona, bambo. Foni ikalira ndimangoti mwagwa, kapena mbaula ija. Ndatopa ndi mantha."

Izi sanaziganizirepo. Miyezi yonseyi ankawerenga mantha awo okha. Anacheza mpaka masana, dzanja la mwana wawo lili m'dzanja lawo, ndipo kunja nkhungu inali itang'ambika. Kuwala kunalowa kuchipinda, kunakwawa pansi, kunakwera chitseko. Munthu uja anaima pamalo pake, phewa limodzi lotsika.

"Lonjezo ndi lonjezo," anatero. "Koma pali china. Ukandiseka, sindipita."

"Sindiseka."

"Amayi ako amabwera pachitseko apo masana. Ndikudziwa kuti ndi chikhothi, sindinapenge. Koma maso angawa sakudziwa, ndipo ine sindiwauza. Timacheza. Tsono kwanu kuja..."

Mwanayo anatembenuka kuyang'ana kuchipinda. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira chikhothi.

"Phewa lakumanzere," anatero pamapeto pake. "Ankanyamulira mbali imeneyo dengu."

Pomwepo chitseko cha shopu chinatseguka ndi mphamvu, a Wometa n'kulowetsa mutu, lumo lili m'manja. "Zayenda bwanji mayeso? Akhoza achimwene angawa?"

"Ndalephera, chifukwa cha kapu yanu ya mpunga."

"Aaa! Ine ndimati ndikuthandiza!"

"Mwathandiza," anatero a Mawotchi, ndipo anadabwa kumva kuti sakunena mwachipongwe. "Kuyambira mawa muzizipatsa ndinu. Theka la kapu, osati yathunthu. Si nkhumba izi."

A Wometa anayang'ana bambo, anayang'ana mwana. Anatseka chitseko pang'onopang'ono, belu osalira n'komwe.

Sanalongedze zambiri tsiku limenelo: malaya, mankhwala, kabokosi ka zipangizo poti zala zinali zisanapume, ndi wotchi imodzi yapakhoma ya mawu okhuthala. Mwanayo akupinda zovala pabedi ananena, ngati nkhani yongodutsa, "Kukhonde kwathu kumabwera ina. Chaka chonse ndalephera kuidziwa. Imakhala pa tanki ya madzi patali, diso silioneka."

"Kumwamba konse kuja? Imalira bwanji?"

Mwanayo anaima, anakonza pakhosi, n'kutulutsa phokoso lomwe silinali la Odi, silinali la Bwerera, silinali la Chimfine, mwina la chitseko chosowa mafuta.

"Mayo ine! Ndiwe mwana wa amayi ako iwe? Njiwa yolira choncho ikanafa kalekale ndi manyazi. Leka, leka, ndikamva ndekha."

Anaimirira, anayenda masitepe asanu ndi limodzi omwe mapazi awo ankawadziwa, n'kufika pachitseko. Pafupi chonchi munthu uja ankasungunuka, n'kutsala nsalu yozizira yonunkhira fumbi ndi mvula yakale. Anaichotsa pamsomali ndi manja awiri, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi, n'kuipinda pamkono. Kenako anapapasa msomali uja ndi chala, wopindika, wadzimbiri.

"Chipinda chako chija, dzuwa limalowa masana?"

"Limalowa, bambo. Limagwera pachitseko."

"Pali msomali?"

"Palibe."

A Mawotchi anabwerera patebulo, anapapasa m'kabokosi mpaka anapeza pulayala yaing'ono, n'kupita nayo kuchitseko. Anagwira ntchitoyo mofatsa, kugwedeza uku ndi uku kuti thabwa lisang'ambike, mpaka msomali unatuluka. Anaupukuta ndi malaya awo oyera aja n'kuuika m'thumba la pachifuwa, momwe ankasungira kagalasi.

"Tiye," anatero. "Ukandigwire mkono pamasitepe."